Mamagi a 17 pa MGB ya malemu bambo: ndigule kapena ndisiye?

Lachinayi madzulo

Bambo a Tamanda: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani ya galimoto ya malemu bambo anga ija, MGB GT ya 1973 imene ena a inu munaiona itakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba ku Chilomoni. Injini tsopano ikulira, mabuleki takonza, penti yatha sabata yathayi. Chatsala ndi miyendo. Matayala amene alipo ndi omwe bambo anaisiya nawo, 165 R14, ndipo ang'alukang'aluka m'mbali ngati chidendene cha m'chilimwe. Dzulo ku Limbe ndaona mamagi a mainchesi 17 ali kale ndi matayala ake, 205/40 R17, mabowo anayi, owala bwino kwabasi. Wogulitsa akuti akwana. Mtima wanga wapita pamenepo, koma ndati ndiyambe ndafunsa akuluakulu.

Yami wa ku Chirimba: Achimwene tengani amenewo! Galimoto yofiira chonchija pa 17, anthu azikaima pa Chichiri kuti aione. Marimu a 14 ndi ang'ono kwambiri, siioneka kuti mwaikonza.

Che Bwanali wa Matayala: Bwana, mabowo anayi si nkhani. Mabowo anayi alipo mitundumitundu. Vitz, Sienta yakale ija, Probox, zonsezi ndi mabowo anayi koma PCD yake, ndiye kuti kutalikirana kwa mabowowo, ndi mamilimita 100. MGB yanu ndi 114.3, ndiye kuti mainchesi anayi ndi theka. Mamagi ambiri a mabowo anayi amene adzaza m'Limbemu ndi a 100 chifukwa ndi galimoto zimenezo zachuluka. Munayeza?

Bambo a Tamanda: Sindinayeze, Che Bwanali. Ndinangowerenga mabowo.

Che Bwanali wa Matayala: Ndi zosavuta. Pa limu la mabowo anayi mumangoyeza kuchokera pakati pa bowo limodzi kufika pakati pa bowo loyang'anana nalo. Lula ya mwana wasukulu ikwana. Mukapeza masentimita 10, asiyeni pomwepo. Ndipo wina asakuuzeni kuti tikuza mabowo ndi tupa. Ndinaonapo limu lotere litathothoka pa msewu wa Chileka, likuthamanga lokha kutsogolo mwini wake ali kumbuyo.

Madala a ku Ndirande: Mwana wanga, galimoto imeneyo ndimaidziwa. Bambo ako atangoigula kwa bwana wa ku esiteti ya tiyi ku Thyolo amene amabwerera kwawo, ndi ine amene ndinaisintha kilatchi. Ndimvere bwino. Ngakhale mabowo atakwana, 17 usaike. Galimoto iyi kumbuyo ili ndi masipuling'i a mipeni ngati a pikapu, ndipo mashoka ake ndi akale aja a mkono, odzaza mafuta. Anthu amene anaipanga ku Abingdon ku England amadziwa kuti mbali ina ya ntchito yofewetsa msewu izigwiridwa ndi tayala lenilenilo. Khoma la tayala ndi sipuling'i nalonso. Ukalichotsa khomalo, bampu iliyonse ikulowa mu chitsulo cha zaka zoposa 50, ndipo ikafika mpaka mu msana wako.

Yami wa ku Chirimba: Koma madala, ine pa Runx yanga ndili pa 17 chaka chachiwiri chino, palibe chimene chathyoka.

Madala a ku Ndirande: Marimu wawongoletsa kangati?

Yami wa ku Chirimba: Kawiri kokha. Kamodzi ndinagwera dzenje usiku pa msewu wa ku Machinjiri mvula itagwa.

Madala a ku Ndirande: Eya. Yako ili ndi mashoka amakono ndipo sipeyala ake ali paliponse. Iyi ikathyola kanthu kutsogolo ndiye kudikira katundu miyezi kuchokera kunja.

Aphunzitsi a Masamu: Ndiloleni ndiike manambala pa zimene madala akunenazi, chifukwa zolembedwa pa tayala zija zimauza zonse munthu akadziwa kuziwerenga. Titenge 205/40 R17. Nambala yoyamba ndi kutambalala kwa tayala, mamilimita 205. Yachiwiri ndi kutalika kwa khoma, koma siili m'mamilimita ayi, ndi magawo 40 pa 100 alionse a kutambalala kuja. Ndiye khoma ndi mamilimita 82. Yomaliza ndi limu, mainchesi 17, ndipo inchesi imodzi ndi mamilimita 25.4. Tayala lakale lolembedwa 165 R14 popanda nambala yapakati limatengedwa ngati 80 kapena kupitirira pang'ono, choncho khoma lake ndi mamilimita pafupifupi 132. Mukuona kusiyana kwake? Mukutaya masentimita asanu athunthu a labala ndi mpweya pakati pa limu ndi mwala.

Tsopano msinkhu wa tayala lonse, kuchokera pansi kufika pamwamba: makoma awiri kuphatikiza limu. La bambo anu ndi 132 kawiri, kuonjezera 356, zikupereka mamilimita 620. Nambala imeneyi ilembeni pa dzanja. Tayala lililonse limene mungasankhe liyandikire 620. La 17 lija likupereka 596. Ndiye kuti galimoto itsika ndi mamilimita 12, komanso sipidomita iziwerenga liwiro lopitirira lenileni ndi magawo anayi pa 100.

Bambo a Tamanda: Aphunzitsi, ine ndimaganiza kuti limu likakula ndiye kuti galimoto ikwera.

Aphunzitsi a Masamu: Ambiri amaganiza choncho. Chimene chimakweza galimoto ndi msinkhu wa tayala lonse, osati limu lokha. Onani msinkhu wa awa m'mamilimita:
175/65 R14 ndi 583
195/50 R15 ndi 576
175/70 R14 ndi 601
185/70 R14 ndi 615
195/60 R15 ndi 615
185/65 R15 ndi 621
Awiri oyambawo muwapeza pa shopu iliyonse ndipo akuuzani kuti ndi omwewo, koma ndi aafupi kwambiri. Pa 195/50 R15 galimoto ikutsika mamilimita 22, ndipo sipidomita yanu ya mamailosi ija ikamanena 60 inu muli pa 56.

Madala a ku Ndirande: Ndipo mamilimita 22 pa galimoto iyi si masewera. Pansi pake pamangotsala mainchesi asanu okha kuchokera pa msewu, ekizozi ili mmunsi mwenimweni. Masipuling'i akale aja akhalanso pansi ndi ukalamba. Mahampu amene amangidwa m'makwalalamu uziwakwera cham'mbali ngati nkhanu, apo ayi ekizozi uisiya pa hampu yoyamba potuluka mu Chilomoni momwemo.

Nangozo: Achimwene, ndiyankhulepo monga mwini wake winanso. Ine za manambalazi ndikuzimva pang'onopang'ono, koma galimoto ija ndimaikumbukira mmene inalili. Bambo ankatikweza awirife kumbuyo kuja, pa kampando kothina kaja, mitu ikugunda galasi, ulendo wa ku Zomba mpaka kukwera Ku Chawe. Loweruka m'mawa ndi ine ndinkapatsidwa ntchito yotsuka marimu akudaa ndi siliva aja ndi burashi yakutha. Mukaika owala a masiku ano idzakhala galimoto yokongola ndithu, koma sidzakhala ya bambo. Ndanena zanga.

Bambo a Tamanda: Ndamva achemwali. Sindinaiwale. Kungoti marimu akalewo achita dzimbiri ndipo limodzi limataya mpweya.

Madala a ku Ndirande: Amenewo amatchedwa Rostyle, ndi ake enieni a galimoto za zaka zimenezo. Osataya ndi limodzi lomwe.

Che Bwanali wa Matayala: Kutaya mpweya nthawi zambiri ndi dzimbiri la m'mlomo mwa limu, pamene tayala limakhalira. Timachotsa tayala, kupala ndi burashi ya waya mpaka chitsulo chioneke, kupaka penti, kusintha valavu. Pokhapokha ngati dzimbiri ladya mpaka kuboola kapena pali mng'alu pafupi ndi mabowo a manati. Limenelo ndiye sitiwotcherera, timapumitsa. Bwerani nawo ndiwazunguze pa makina tione ngati ali owongoka.

Lachisanu

Achimwene a ku Joni: Ndawerenga zonse usiku. Kuno MGB zilipo zambiri, eni ake ali ndi makalabu awo. Zimene ndimaona ine, ambiri ali pa 14 ndi 185/70, ena ali pa 15 ndi 185/65 kapena 195/60, pa mamagi a masipoko asanu ndi atatu aja a mtundu wa Minilite. Amenewo amaikhala bwino chifukwa ndi a nthawi yake yomweyo, ndi amene ankaikidwa pa galimoto za mpikisano m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Ndiponso 185/70 R14 si zongoganizira ayi, MGB zomalizira zija za Limited Edition zinkatuluka ku fakitale ndi saizi imeneyi pa mamagi. Kupanga kunatha mu 1980. Ngati mukufuna ndifufuze kuno, nditha kutumiza pa mathiraki odzera ku Mwanza.

Yami wa ku Chirimba: Ndiye ngati 185/65 R15 ikukwana, bwanji osangotenga marimu a Nissan Tiida? Ndi mabowo anayi, 114.3, ndipo saizi yake ya tayala ndi yomweyo. A Tiida ali mbwee kwa ophwasula galimoto ku Ndirande, simungavutike ndi za ku Joni.

Che Bwanali wa Matayala: Apa mnyamatayu waganiza bwino, PCD ya Tiida ndi yomweyo zoona. Koma pali chinthu chachiwiri chimene anthu amapsa nacho, offset. Pa limu amalemba ET kenako nambala. Imatanthauza kuti malo amene limu limagunda habu ali patali bwanji kuchokera pakatikati pa limulo. Galimoto zokoka ndi kutsogolo ngati Tiida zimakhala ndi ET yaikulu, cha m'ma 40, limu limalowa mkati kwambiri. Zokankha ndi kumbuyo zakalezi zimafuna yocheperako. Mukaika ET yaikulu pa MGB, tayala likhoza kumakhula sipuling'i kumbuyo, kapena kutsogolo mukapinda chiwongolero mpaka kumapeto. Mukaika yaing'ono kwambiri, limatulukira kunja n'kumadyedwa ndi mlomo wa madigadi.

Bambo a Tamanda: Pa marimu a bambowa sindikuona ET paliponse. Ndapukuta ndithu.

Madala a ku Ndirande: Akale sankalemba. Uyeza wekha. Chotsa tayala pa limu limodzi. Ligoneke chafufumimba pa simenti, nkhope pansi. Tenga thabwa lowongoka uliike pamwamba modutsa pakati. Tsitsa lula kuchokera pa thabwa kufika pa chitsulo chimene chimagunda habu, pomwe pali mabowo paja, ulembe. Kenako yeza kuchokera pa thabwa kufika pa simenti, ugawe pawiri. Nambala yoyamba kuchotsapo yachiwiriyi, ndiyo offset yako. Kale tinkachita choncho kulibe makompyuta.

Bambo a Tamanda: Ndachita masana ano, Tamanda amandigwirira thabwa. Ndabwereza katatu. Ndikupeza pafupifupi 28. Ndipo nditapala dzimbiri ndaona pamene anadinda 5J x 14, ndiye kuti limu lotambalala mainchesi 5.

Aphunzitsi a Masamu: Zili bwino. Ndiye tiyerekeze ndi limu la 5.5J la ET40. Offset yokha ikulikankhira mkati mamilimita 12. Kutambalala kwaonjezeka ndi theka la inchesi, ndiye mbali iliyonse yatenga mamilimita 6. Mlomo wamkati ukusunthira ku sipuling'i ndi mamilimita 18. Funso ndi lakuti malo amenewo alipo?

Yami wa ku Chirimba: Ngati palibe timangoika ma spacer, timbale tokankhira limu kunja. Anyamata a lefu ku Makata amasula tsiku limodzi.

Madala a ku Ndirande: Yami, mwana wanga, apa ndiye ndikukaniza ndi mtima wonse. Mabawuti a habu ya MGB ndi aafupi, anawapangira limu la chitsulo lopyapyala. Ukaika mbale ya aluminiyamu pakati, kenako limu la magi lokhuthala, nati imangogwira mizere itatu kapena inayi. Galimotoyo idzatsika nayo phiri la ku Thabwa popita ku Chikwawa, makona aja, mabuleki atatentha, mkati muli mwana. Nati iyenera kulowa pa bawuti mtunda wosachepera kunenepa kwa bawutiyo. Ndipo pali china: mabawuti a galimoto iyi ndi a mainchesi, theka la inchesi, a mizere ya mtundu wa UNF. Manati a Nissan ndi a mamilimita 12. Amayamba kulowa ngati akufuna, mnyamata n'kukakamiza ndi sipanala ya mtanda atapondapo ndi phazi, mizere yonse n'kutha. Aliyense wogwira galimotoyi umuuze zimenezi asanagwire sipanala.

Che Bwanali wa Matayala: Zoona madala. Onjezanipo kakhalidwe ka nati. Mamagi ena amafuna nati yosongoka, ena amafuna ya khosi lalitali yokhala ndi washala. Achimwene a ku Joni mukapeza marimu, manati ake abwere limodzi, a theka la inchesi. Muyezenso bowo lapakati, la Tiida ndi mamilimita 66.1, la ena ndi lina. Limu likapanda kukhala bwinobwino pa habu ndiye basi.

Mjomba wa ku Bangwe: Ine ndimayendetsa minibasi, za galimoto zazing'onozi sindili nazo pafupi, koma ndifunse. Bwanji osaika 185 R14C ngati a pa Bongo? Amenewo dzenje saliopa, ndi olimba, ma ply ake ndi 8, ndipo amapezeka paliponse.

Aphunzitsi a Masamu: Mjomba, 185 R14C msinkhu wake ndi pafupifupi 650, wapitirira ndi masentimita atatu. Likhula madigadi.

Che Bwanali wa Matayala: Komanso C ameneyo ndi wa katundu. Khoma lake ndi louma gwa, linapangidwira galimoto yonyamula anthu odzaza ndi matumba. MGB kulemera kwake ndi tani imodzi ndi pang'ono. Pa matayala amenewo izingodumpha ngati ngolo, ndipo mvula ikagwa kumbuyo kuzithawa. La galimoto yaing'ono lolembedwa 88T likwanira kutalitali. 88 ndiye kuti tayala limodzi limanyamula makilogalamu 560, T ndiye liwiro la makilomita 190 pa ola, limene galimoto imeneyi siingafike.

Mjomba wa ku Bangwe: Ndaphunzirapo. Zikomo.

Madala a ku Ndirande: Ine ndikanakonda ukanapeza 165/80 R14 yeniyeni, ya galimoto yaing'ono osati ya katundu. Anthu amaiwala kuti galimoto iyi ilibe power steering. Mphamvu yonse ndi ya m'manja mwako. Tayala likatambalala, chiwongolero chimalemera poimika ndi potembenuka malo othina. Pa 165 bambo ako ankaitembenuza ndi dzanja limodzi pa raundabauti ya pa Clock Tower, ndipo ukamayenda umamva msewu wonse m'zala. Pa 185 ulemerako koma upirira. Pa 205 uzituluka thukuta pofuna kuimika mu Victoria Avenue. Ndipo tayala logwira kwambiri limakoka mabushi ndi ma kingpin amene mawilo akutsogolo amapindirapo, zinthu zimene sizinapangidwire mphamvu imeneyo.

Achimwene a ku Joni: Madala akunena zoona, koma ndiikepo mbali ina. Tayala likaphulika ku Mulanje kapena ku Liwonde Lamlungu, 165/80 R14 muipeza kuti? 185/70 R14 ndi saizi imene yayenda pa Corolla ndi galimoto zina zambiri, mwayi woipeza ulipo. Ine ndikanasankha imene ndingagule ku Malawi komweko.

Madala a ku Ndirande: Pamenepo sindikutsutsa. Koma asanagule ayeze kumbuyo mbali zonse ziwiri. MGB zambiri sizikhala pakatikati pa ekiselo yake, kumanzere kumathina kuposa kumanja. Mwana wanga, galimoto ili pansi pa matayala ake, lowetsa zala pakati pa khoma la tayala ndi mlomo wa madigadi, kumanja kenako kumanzere. Undiuze.

Loweruka m'mawa

Bambo a Tamanda: Madala, mwalasa. Kumanja zala ziwiri zikulowa momasuka. Kumanzere chala chimodzi ndi theka basi. Ndinayamba kuda nkhawa kuti mwina galimoto inachitapo ngozi bambo osatiuza.

Madala a ku Ndirande: Usade nkhawa, zambiri zili choncho. Koma waona tsopano chifukwa chake wogulitsa sangakuuze kuti akwana asanaione galimoto. Pa limu lomwelo, 185 ikutulukira kunja pafupifupi sentimita imodzi kuposa 165. Ikwana, koma pothina. 195 ikhoza kukhula kumanzereko mukakwera awiri ndi katundu pa kona. Usanaike matayala atsopano sintha mabushi a masipuling'i akumbuyo ndi timalabala ta pa ma U-bolt omangira ekiselo ku masipuling'i, chifukwa zikatha ekiselo imasewera cham'mbali ndipo kampata kako kakang'onoko kamatha.

Bambo a Tamanda: Ndapitanso ku Limbe ndi lula m'thumba. Mamagi a 17 aja ndi masentimita 10 ndendende. Sakanalowa n'komwe. Ndikanapereka ndalama tsiku lija bwenzi pano ndikupempha kuti andibwezere.

Yami wa ku Chirimba: Ndiye kuti akwana pa Runx yanga! Koma achimwene ndavomera, pa yanuyo ayi.

Che Bwanali wa Matayala: Tsopano poti mwatsala pang'ono kugula, mawu awiri pa matayala a kaunjika. Ndikudziwa ndalama yavuta, ndipo ine ndemwe ndimagulitsa, koma pa galimoto imene iziyenda mwa apo ndi apo vuto si kutha kwa mapazi a tayala, ndi ukalamba wa labala. Yang'anani m'mbali pamene alemba DOT, kumapeto kuli manambala anayi mu kabokosi. 2319 ndiye kuti sabata ya 23 chaka cha 2019. Mukagula la zaka zisanu ndi chimodzi kale, lidzauma mapazi akadali atsopano. Chachiwiri, ambiri ochokera ku Japan ndi a m'chisanu. Muwadziwa ndi timizere tosongoka tambirimbiri pa mapazi, chizindikiro cha phiri chokhala ndi kanyenyezi ka chisanu, kapena mawu akuti studless. Amaoneka onona, ukakanda ndi chikhadabo labala ndi lofewa, koma pa phula lotentha la mu Okutobala amatha msanga ndipo mabuleki amatalika. Gulani atsopano anayi a mtundu umodzi.

Nangozo: Achimwene, awiri ndigula ine. Musakane.

Bambo a Tamanda: Zikomo achemwali, sindikana. Ndiye zatere: marimu a bambo akhala, Lolemba ndipita nawo kwa Che Bwanali akazunguzidwe ndi kupalidwa, kenako penti yakuda ndi siliva monga analili. Matayala ndi 185/70 R14. Achimwene a ku Joni, za Minilite zija tiyeni tidikire kaye ndione mmene iyendere, koma mukapeza manati abwino a Rostyle munditengere chifukwa atatu mwa angawa ndi odyeka makona.

Madala a ku Ndirande: Gula asanu, osati anayi. Sipeyala ili pansi pa thabwa la kumbuyo kuja ndi yakale kuposa onsewo, ndinaiona. Ndipo uyese ngati thabwalo likutsekeka bwino ndi 185, chifukwa malo aja anawapangira tayala lopyapyala.

Bambo a Tamanda: Ndiyesa ndi loyamba limene tiike pa limu.

Madala a ku Ndirande: Ukamanga manati usalole mfuti ya mpweya ija. Ndi dzanja, modumphitsa mtanda, ndipo ukayenda makilomita 50 oyamba uime umangenso. Mabushi aja ubwere nawo kuno Lachitatu m'mawa, ndidzakhala ndilipo. Utengenso mafuta a mashoka, tidzaone ngati akutsogolo sakudontha.

Nangozo: Ikatuluka ulendo woyamba ndi wa ku Zomba. Ine ndidzakhala kutsogolo ulendo uno, Tamanda akhale kumbuyo.